Woweruza Akubwera ndi Fosholo

Aldersfield, Vermont
Meyi, 1798

Okondedwa achimwene anga a Asahel,

Landirani moni wochokera kuno kumapiri. Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika pakhonde kukaothera dzuwa? Alamu anga a Dorcas ndi ana akupeza bwanji? Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani nonse muli amphamvu. Koma chonde, musaiwerenge mokweza patebulo monga mumachitira muja, amayi atatchera khutu. Pitani nayo kukhola, mukakhale pansi, mukaiwerenge nokha.

Ine m'thupi ndili bwino. Chisanu chachedwa kutha chaka chino, ndipo misewu yonse ndi matope okhaokha. Dzana ngolo ya abusa inatitimira pafupi ndi chigayo, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo sindinawamvepo paguwa. Shuga wa m'mitengo ya mapulo taphika wambiri, moti ndasungira amayi chibenthu chachikulu. Nkhosa zaswa bwino, kupatula imodzi yakale ija imene ikukana mwana wake. Nkhani zabwino zathera pomwepa.

Hepsy wayamba kutsokomola.

Ndi chifuwa chomwe chija, achimwene, chimene chinatenga mchemwali wathu Tirzah, kenako n'kubwerera kudzatenga Eben, n'kudzatenganso Lois. Ndinabwera kuno kudzalera ana atatu a mchemwali wathu, ndipo lero ndatsala ndi kamodzi aka, kachitsiriza. Zizindikiro ndimazidziwa monga ndimadziwira njira ya kuchitsime. M'mawa amadzuka wotuwa, masana masaya amafiira, maso n'kumawala, moti mlendo akhoza kunena kuti mwanayu ndi wokongola bwanji. Diresi limene ndinamusokera pa Khirisimasi tsopano likungolendewera. Adokotala anabwera, anamuika misundu pamkono kuti imuyamwe magazi oipa, anati azimwa mkaka wambiri, n'kudya nkhuku yanga yonse asanapite.

Ndikudziwa kuti dzina la bambo wake simufuna kulimva. Kwa inu a Elnathan Tilson ndi munthu amene sanabwere kumaliro a mkazi wake, basi. Makalata anga onse mumadumpha pamene pali dzina lawo, musakane, a Dorcas anandiuza. Koma lero mupirire, ndikuuzeni za iwo, chifukwa ali m'njira kubwera kwanu ndipo muyenera kudziwa munthu amene adzaime pakhomo panu.

Anafika kuno ali mnyamata, ndi hatchi yobwereka ndi mabuku awiri a malamulo, tauni ino ili zitsa zokhazokha. Uloya anauphunzira m'nyumba ya loya wina wokalamba, akumusesera ndi kumukolezera moto. Itabuka nkhondo yothamangitsa asilikali a mfumu ya ku Mangalande, anapita nawo, n'kubwerako ndi khutu limodzi logontha. Kenako anayamba milandu ya malo, poti nthawi imeneyo munda umodzi unkakhala ndi eni ake awiri, aliyense atagulitsidwa ndi boma lake. Khoti linkakhala m'nyumba ya alendo, mgolo wa mowa wa maapozi uli tebulo. Anthu anaona kuti munthuyu sagulika ndi chakumwa, anawatumiza ku nyumba ya malamulo, ndipo kumeneko anawapatsa mwinjiro wa woweruza. Kuno oweruza amasankhidwa mwatsopano chaka chilichonse mu Okutobala, koma dzina lawo silinagwepo.

Ali ndi funso limodzi limene dera lonse limalidziwa. Mboni ikayamba kufotokoza zimene inamva kwa wina amene anamva kwa wina, iwo amatembenuza khutu labwinolo n'kufunsa ngati inaona ndi maso ake. Ana mumsewu amasewera khoti, wina atafunda thumba, akukuwa kuti, “Munaona ndi maso anu?” Chaka china mayi wina anamuimba mlandu woti walodza mgolo wopukusira batala wa mnzake. Alamu a Tilson analamula kuti mgolowo ubwere m'khoti, autsuke ndi madzi owira, athiremo mkaka. Anapinda manja a mwinjiro n'kupukusa okha mpaka batala anagwira, anamupaka pabuledi, n'kudya anthu onse akuona. Mlandu unathera pamenepo. Ndiwonso analemba ndi dzanja lawo lamulo loletsa kufukula manda, nthawi imene anyamata ophunzira udokotala ankaba mitembo. Mukumbukire zimenezi pamene mukuwerenga zotsalazi.

Kuno kumapiri kuli chikhulupiriro china, mwina munachimvapo poti ena amati chinachokera kwathu konko. Amati chifuwa chikamatenga anthu a nyumba imodzi motsatizana, ndiye kuti mwa akufawo muli mmodzi amene sanafe kwenikweni. Mtima wake umakhala ukadali ndi magazi, ndipo amakoka moyo wa abale ake pang'onopang'ono. Ndiye amafukula, n'kuyang'ana. Akaupeza mtima wonyowa amauchotsa, amauotcha, ndipo phulusa lake amalisungunula m'madzi n'kumwetsa wodwalayo.

Chaka chatha, nthawi yothyola maapozi, mlimi wina wa kuphiri dzina lake Barnabas Kidder anachita zomwezo. Anali ataika mkazi ndi ana atatu, ndipo wotsala yekha, Roxana, anali atayamba kulavula magazi. Anafukula mkazi wake dzuwa likuswa mtengo, anzake atazungulira, n'kukautentha mtimawo pachipala cha wosula zitsulo. Alongo ake a malemuwo atamva anakasuma. Mlanduwo unagwera alamu.

Ndinapita nawo kukamvera, poti khoti linali m'tchalitchi mwathu momwe. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Kidder anaima chipewa chili m'manja, wosaoneka wamantha, wosaonekanso wamwano. Alamu anatembenuza khutu lija.

“Bambo Kidder, munamuona mkazi wanu akutuluka m'manda?”

“Ayi, bwana.”

“Munamuona ndi maso anu akukhudza mwanayo?”

“Ayi, bwana. Ine ndinangoona ana anga akutha. Inunso, a Tilson, muli ndi awiri kuseri kwa tchalitchi chomwe chino. Mwatsala ndi mmodzi ngati ine.”

Alamu sanaphethire n'komwe. Anamugamula kuti akhale m'ndende nyengo yonse yachisanu, ndipo madzulo ake anadya bwino, n'kundiuza kuti umbuli ukausekerera umamera paliponse. Inenso ndinavomereza. Ndinauza mayi Dunbar, oyandikana nawo nyumba, kuti anthu a kuphiri akanati azitsegula mawindo ndi kuchapa zofunda, bwenzi akufa awo akugona mwamtendere. Ndinalankhula mokweza ndithu, mukundidziwa.

Koma Roxana Kidder anachira.

Sindikunena kuti anapezako bwino. Ndikuti anachira. Pofika Khirisimasi anali akutunga yekha madzi. Lamlungu lililonse amakhala pabenchi ya kutsogolo kwathu, khosi lake lonenepa lili pamaso pathu, ndipo akamaimba salimo mawu ake amaphimba a azimayi onse. Hepsy atayamba kutsokomola mu Febuluwale, ndinaona kuti alamu asiya kuyang'ana abusa. Ulaliki wonse ankangoyang'ana khosi la mtsikana uja likamakoka mpweya.

Tsopano ndikuuzeni za masana. Tikatha kudya, Hepsy ndimamugoneka m'chipinda cha kumadzulo, mmene mumalowa dzuwa. Tsiku lina ndikumudzutsa anandiuza kuti amayi anabwera. Ndinaseka, ndinati ndabweradi, si ine ndili pano? Iye anapukusa mutu.

“Osati inu, amayi aang'ono. Amayi enieni.”

Ndinati ndi kutentha thupi. Mwanayu mayi wake sakumudziwa, anamusiya asanayambe kuyenda, ndipo m'nyumba muno mulibe chithunzi chake. Koma mawa lake ananenanso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Anati amayamba akhala m'mphepete mwa bedi, kenako amagona pambali pake, kenako amamusanjika mkono pachifuwa, ndipo mkonowo ndi wolemera. Sankanena molira. Ankanena ngati mmene mwana amanenera kuti mphaka walowa m'khitchini.

Ndinati ndikhalemo ndione. Ndinatenga zoluka zanga n'kukhala pampando pafupi ndi windo. Dzuwa linali ngwee, nkhuku zikutetera panja, mayi Dunbar akukalipira mwamuna wawo kutsidya kwa mpanda. Sindinaone kanthu, achimwene, ndikulumbira. Chitseko sichinagwedezeke. Ndinangoona mwana ali m'tulo akusendera kukhoma pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wopatsa mnzake malo. Kenako kupuma kwake kunayamba kufupika. Galu wathu, amene kale ankagona kumapazi ake, anaima pakhomo osalowa. Kuyambira tsiku limenelo ndimakhalamo masana onse, ndipo masana onse amasendera.

Sindinawauze alamu. Munthu ungamuuze chiyani amene ayambe wakufunsa ngati unaona ndi maso ako?

Nthaka itasungunuka ndinapita kuseri kwa tchalitchi kukalambula manda a Eben ndi Lois. Poyamba sindinaone chachilendo. Nditagwada m'pamene ndinazindikira kuti kapinga wa pamanda onse awiri anadulidwa m'zigamba zofanana, n'kubwezeredwa chilichonse pamalo pake, m'mphepete mwake mutalumikizana bwinobwino. Wakuba mitembo sabwezera kapinga chonchi. Ndimadziwa munthu mmodzi yekha amene amasanja zinthu motero, poti ndine ndimapukuta fumbi patebulo pake. Ndinakumbukiranso kuti sabata imeneyo ankalephera kugwira cholembera chifukwa cha matuza m'manja, n'kundiuza kuti amawaza nkhuni. Iwo! Munthu amene chifikire changa kuno sadziwa kumene nkhwangwa imagona.

Ndinachoka kumandako dothi lili m'mawondo, n'kukalowa mu ofesi mwawo osagogoda. Dzuwa linali pamutu. Anali atangokhala, buku lili chotseka patsogolo pawo.

“Alamu, mwawachita chiyani ana a mchemwali wanga?”

Sanakane. Anati, “Ndawafunsa, mlamu. Alibe mlandu. Onse awiri anauma.”

Ndinafunsa kuti anakumba ndi ndani, anati ndi Kidder. Akuti munthuyo atangotuluka m'ndende, iwo anakwera phiri wapansi n'kukaima pakhomo pake chipewa chili m'manja. Kidder atawaona anangoti, “Mwabwera, a Tilson. Mwachedwa bwanji. Fosholo muli nayo, kapena nditenge yanga?”

Apa ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndinawauza zonse zimene mukanawauza inu. Ndinati kodi si inu munadya batala m'khoti? Si inu munatsekera bambo wa mwana wodwala m'chipinda chozizira nyengo yonse? Ndinawaponyera funso lawo lomwe, ndinati munaona ndi maso anu?

“Ndinaona Roxana Kidder,” anatero. “Lamlungu lililonse ndimamuona. Mlamu, ine ndinanyongetsapo munthu pa umboni wochepa kuposa umenewu.”

Ndinawakumbutsa za Okutobala. Ndinati izi zikangomveka, amene akhala akufuna mpando wanu adzavina mumsewu, ndipo adzakuweruzani ndi lamulo lolemba nokha. Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso, anati lamulo lawo limathera m'malire a Vermont, ndipo amene watsala kufunsidwa sagona mu Vermont. M'pamene ndinamva chimene akutanthauza.

“Mpandowo autenge,” anatero. “Ndi womwewo ndinaukhalira tsiku limene munkamuika Tirzah. Ndinkaweruza za ng'ombe imene inadumpha mpanda.”

Kenako mawu awo anachepa, ndipo anandifunsa chinthu chimene sindinkayembekeza. Anati, “Ali mbali iti?”

Mwamva, achimwene? Sakudziwa. Tirzah anabwera kwathu kuti mphepo ya kunyanja imuthandize, anamwalira alamu ali paulendo wozungulira makhoti, chisanu chitatseka misewu, ndipo pambuyo pake manyazi anawatsekera njira kuposa chisanucho. Sanapondepo pamanda athu. Inu mukudziwa mmene pakhalira kuseri kwa mpanda wa miyala kuja: miyala ya m'munda yopanda dzina, ina itapendekeka, ina itasunthidwa ndi chisanu. Abambo ali pomwepo, agogo ali pomwepo, timapasa tija tili pomwepo. Amene tikudziwa kuti Tirzah wagona pati tilipo atatu, amayi, inu ndi ine.

Ndinakana kuwauza. Ndinati bola lilime langa liume. Sanandikakamize. Anangoti ndiye akafunsa inu.

Ananyamuka Lolemba, mwinjiro uli m'thumba la pachishalo monga mwa nthawi zonse. Ali ndi khoti la masiku angapo m'boma la kummwera, ndipo ndikudziwa kuti alimaliza bwinobwino, poti munthu ameneyu sasiya mlandu panjira. Koma akatseka khoti hatchi yawo sitembenukira kuno. Kidder watsogola kale ndi ngolo, akutsika ndi mtsinje ngati wokagulitsa shuga, ndipo fosholo yathu yaifupi ija m'khola mulibe. Wonyamula makalata wandilonjeza kuti afika kwanu iwo asanafike.

Lolemba lomwelo ndinakulemberani kalata ina, osati ino. Mmenemo ndinati mutsitse mfuti ya abambo pamwamba pa chitseko, mukaime pampanda, ndipo woweruza akafika mumuuze kuti mkazi amene sanamuike sangamufukule. Ndinailemba bwino kwambiri, mukanaikonda. Dzulo ndaiponya pamoto.

Dzulo masana ndinali pampando wanga uja ndikuluka sokosi. Hepsy anali atadzuka, akuyang'ana masingano. Kenako anati, “Mukuluka masokosi ngati a amayi aja.”

Ndinafunsa kuti ati.

“Amene amavala akamabwera. Otuwa. Koma limodzi kuzala kwake n'kofiira.” Anaseka, chifuwa n'kumugwira, ndipo chitamusiya anati, “Ubweya unakutherani, eti?”

Achimwene, masingano anagwa okha m'manja mwanga.

Izi simukuzidziwa, chifukwa palibe amene akuzidziwa. Mukukumbukira kuti Tirzah mapazi ake ankazizira chibadwire. Tili ana ankawalowetsa pakati pa miyendo yanga pogona, ine n'kumakuwa, amayi n'kumatikalipira tonse. Pamene ankadwala komaliza ndinayamba kumulukira masokosi a ubweya wotuwa. Ndili pafupi kumaliza lachiwiri ubweya unatha, ndiye ndinatenga wofiira m'dengu la amayi n'kutsekera kuzala. Anamwalira asanawavale. M'mawa wa tsiku la maliro, inu muli kokumba, amayi ali kukhitchini ndi azimayi, ndinatseka chitseko n'kumuveka. Sindinathe kupirira kuti apite m'nthaka yozizira ija mapazi ali pamtunda. Kenako ndinasoka nsalu yokulungira ndi manja anga, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo palibe anaitsegulanso.

Nthawi imeneyo Hepsy anali kuno, akuyamwa kwa mayi wina. Kuyambira dzulo ndafufuza m'mutu mwanga monse ngati ndinatchulapo za masokosi amenewa kwa iye, kwa Lois, kwa mayi Dunbar, kapena m'pemphero la mokweza. Sindinatchulepo. Ngakhale bambo wake sakudziwa.

Dzulolo ndinamufunsa Hepsy ngati amayi akewo amalankhula. Anati salankhula zambiri. Amangoti wakula, kenako amamukumbatira, osafuna kumusiya. Ndinafunsa ngati amakhala okwiya. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, anati ayi, amangokhala ozizira.

Ichi ndiye chikundiopsa kuposa zonse. Akanakhala mzimu wolusa ndikanati si mchemwali wathu ameneyo, ndi chinthu china chabwereka nkhope yake. Koma mukukumbukira kamwana ka mphaka kaja, kamene Tirzah anakapeza m'khola tili ang'ono? Anakakonda mpaka kugona nako, atakakumbatira pachifuwa, ndipo m'mawa anadzuka kali kozizira m'manja mwake. Analira sabata yonse. Sanamvetse mpaka kukula kwake kuti anakachita chiyani. Munthu uja sankadziwa kusiya chimene wachikonda.

Musandifunse ngati ndikukhulupirira za anthu a kuphiri. M'mawa ndikamakama ng'ombe sindikhulupirira, ndimadziseka. Masana ndikakhala m'chipinda muja ndimakhulupirira. Ndili ndi manyazi, ndili ndi mantha, ndipo ndikumusowa Tirzah kwambiri moti nthawi zina ndimafuna kusiya mpando wanga ndikagone pamalo pamene mwanayo wasiya, mwina angandikhudze inenso. Koma kamwana aka ndakalera ndine. Ndine ndinakaphunzitsa kuyenda, ndine ndinakazula dzino loyamba. Eben ndi Lois anandifera m'manja ndikungowamwetsa mkaka ndi kuitana adokotala. Za uyu yekha sindikhala chete.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Akafika, muwalozere.

Amayi muwatengere kwa azakhali a Prudence kutauni kwa masiku angapo. Muwauze kuti a Dorcas akufuna kupaka laimu m'nyumba ndipo fungo lake lingawapweteke chifuwa. Waganyu wanu mumutume kutali. Moto akaukoleze m'dzenje lakale la makala kuseri kwa kaphiri, kumene utsi sudabwitsa munthu. Nkhaniyi ikangofika kuno, alamu mpando wawathera, ndipo Kidder, amene wasiya mwana wake kuti athandize munthu amene anamumanga, akhoza kubwerera m'ndende.

Musawamenye. Akalamba kwambiri chisanu chathachi, mwina simuwazindikira. Ngati mukufuna kuwauza zimene mwakhala mukusunga chiyambire tsiku la maliro, auzeni zonse, muimire mbali ya khutu labwino kuti amve. Sadzayankha. Koma mukatha kulankhula, muyende nawo mpaka kumpanda, mutambasule dzanja, muloze. Mukakana, adzakumbabe, ndikuwadziwa, ndipo adzayambira kumene kwagona abambo.

Phulusalo akabwera nalo, ndine ndidzasungunule m'kapu. Sindidzalola kuti achite ndi iwo. Ngati lili tchimo, pa tsiku lomaliza ndidzaimirira ndinene kuti kalata ndinalemba ndine, ndipo mlongo wanga anangoloza.

Pali chinanso chaching'ono, cha ine ndekha. Akatsegula bokosi, za mtima musandiuze. Zimenezo ndi za woweruza ndi Kidder, aone okha ndi maso awo. Inu mupite kumapazi. Mudule nsalu pamene ndinayambira kusoka, muyang'ane masokosiwo kunsi kwake. Sanapondepo pansi ngakhale kamodzi. Ngati akadali atsopano, ndiye kuti ndamuvutitsa mchemwali wathu pachabe, ndipo ndidzasenza zimenezo mpaka kufa kwanga. Koma ngati atha kunsi, achimwene, mumuvule. Ndine ndinamupatsa zoyendera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti kuno tonse tili bwino ndipo shuga wawo abwera ndi ngolo yoyamba misewu ikauma. Moni kwa alamu anga a Dorcas, amene ndikudziwa kuti mudzawawerengera zonsezi ngakhale ndakuletsani. Andikhululukire powanamizira za laimu. Moni kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono amene sindinamuonepo. Azakhali a Prudence muwathokoze pasadakhale, osawauza chifukwa. Mulungu akusungeni, ndipo atichitire chifundo tonse, amoyo ndi enawo.

Ndilekeze pano. Dzuwa lalowa m'chipinda cha kumadzulo, ndipo ndikumva bedi likulira. Hepsy wayamba kusendera kukhoma.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Keziah Loomis